Bizinesi yaing'ono ndi medical aid ya antchito: bwana aikepo zingati, wantchito aikepo zingati?

Aliyense amene ali ndi antchito asanu kapena khumi amalipira kale zachipatala za antchito akewo, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Amalipira kudzera mu adivansi ya pakati pa mwezi mwana wa dalaivala akagonekedwa, m'mafuta a galimoto ya kampani yothamangira kuchipatala usiku, ndiponso m'masiku amene kalaliki sabwera kuntchito chifukwa ali pamzere wa mankhwala. Vuto lake ndalamazi zimatuluka mosawerengeka, ndipo kuti uyu athandizidwe uyo akanizidwe zimatengera mmene bwana wadzukira tsikulo. Kulowetsa antchito pa sikimu ya zachipatala, imene ambiri timangoti medical aid, kumathandiza kuti ndalama yotuluka izidziwika mwezi usanayambe. Pamene eni mabizinesi ambiri amapunthwa ndi pogawana ndalamayo, makamaka zikafika pa mkazi kapena mwamuna wa wantchito ndi ana ake.

Yambani ndi zimene lamulo limakukakamizani

Kuno ku Malawi palibe lamulo lokakamiza bizinesi kulipirira antchito medical aid. Ndi ufulu wanu kuyamba kapena ayi. Koma pali zina zimene simungazizembe, ndipo ziyenera kulowa m'bajeti musanalonjeze china chilichonse. Lamulo la penshoni, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 n'kukonzedwanso mu 2023, limati olemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro ndipo wantchito 5 peresenti, komanso pakhale inshulansi ya moyo yosachepera malipiro a chaka chimodzi. Pali levi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ya 1 peresenti ya malipiro onse. Lamulo la zantchito la mu 2000 limapatsa munthu amene wagwira miyezi 12 tchuthi chodwala cha masabata 4 pa malipiro onse ndi masabata 8 pa theka la malipiro chaka chilichonse, ndipo mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi cholipidwa. Wantchito akavulala ali pantchito, lamulo la chipukutamisozi cha ogwira ntchito limaika udindowo pa inu, ndipo khadi la medical aid silikuchotserani udindo umenewo.

Bwana amene ali ndi ngongole ya penshoni ya miyezi ingapo athane nayo kaye imeneyo. Medical aid ibwere pambuyo.

Werengani anthu, osati antchito okha

Tengani pepala, mulembe dzina la wantchito aliyense, malipiro ake, ngati ali pabanja, chiwerengero cha ana ndi zaka zawo. Funsaninso ngati mkazi kapena mwamuna wake ali kale pa sikimu kuntchito kwake, chifukwa si zachilendo kupeza banja limodzi likulipiriridwa kawiri pamene lina lilibe kalikonse.

Apa ndi pamene muyenera kukhala pansi ndithu, chifukwa mawu oti banja kwathu kuno ndi otakata. Mlonda wanu mwina ali ndi ana atatu obereka yekha, awiri a malemu achimwene ake, komanso amayi ake okalamba amene anawatenga kumudzi. Onsewo amadya m'nyumba mwake ndipo akadwala amayang'ana iyeyo. Wina ali ndi mitala. Wina anasiyana ndi mkazi woyamba koma ana ali kwa agogo awo ku Ntcheu. Mukangolengeza pamsonkhano kuti kampani izilipirira wantchito ndi banja lake, aliyense amva mwa njira yake, ndipo mkangano udzabuka tsiku limene wina adzabweretse mayina asanu ndi anayi.

Choncho tanthauzo lilembedwe mafomu asanagawidwe. Chimene ndimachiona chogwira ntchito pa bizinesi yaing'ono ndi ichi: kampani ithandize pa mkazi kapena mwamuna mmodzi ndi ana osapitirira atatu, ndipo wantchito asankhe yekha ana atatuwo, kaya ndi obereka yekha kaya ndi amasiye amene akuwalera, malinga ngati a sikimuyo awavomereza ndipo zikalata zawo zilipo. Wofuna kuwonjezera ena awonjezere, koma alipire yekha ndalama yonse ya owonjezerawo. Bwana asalowerere zoti mwana uyu ndi weniweni uyu ayi. Zimenezo ndi za kubanja, ndipo mukazilowa simutulukamo bwino.

Pemphani makotesheni

Bungwe lodziwika kwambiri ndi Medical Aid Society of Malawi, MASM, limene lili ndi masikimu osiyanasiyana monga Econoplan, Executive ndi VIP. Palinso ena monga MedHealth ndi Wella Medical Aid Society. Pemphani kotesheni kwa osachepera atatu, ndipo onse muwapatse mndandanda womwewo wa anthu kuti muyerekeze zofanana. Mitengo imasintha pafupipafupi, choncho musadalire zimene mnzanu wa bizinesi anakuuzani chaka chatha. Ikhale yolembedwa, yokhala ndi deti, ndipo ionetse padera mtengo wa wantchito, wa mkazi kapena mwamuna wake, ndi wa mwana.

Masamu ake

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, inu muikemo a pa kotesheni yanu. Titenge shopu ya hadiweya yokhala ndi antchito 8, malipiro awo onse pamodzi K2,400,000 pamwezi. Tinene kuti sikimu yotsika mtengo ikufuna K30,000 pa munthu wamkulu ndi K20,000 pa mwana. Antchito okha ndi K240,000. Mwa antchitowo 6 ali pabanja, imeneyo ndi K180,000, ndipo ana olowa ndi 17, K340,000. Achibale onse ndi K520,000, kuposa kuwirikiza kawiri ya antchito eni ake. Zonse pamodzi K760,000 pamwezi.

Mukalipira ndalama yonse ya antchito koma osaikapo kanthu pa achibale, mutulutsa K240,000, yomwe ndi 10 peresenti ya malipiro, yofanana ndi ya penshoni. Mukagawana theka ndi theka pa aliyense, mutulutsa K380,000. Mukalipira yonse ya wantchito ndi theka la achibale, ndi K500,000, pafupifupi 21 peresenti ya malipiro. Mukasenza zonse, K760,000 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro onse, ndipo ndi mabizinesi aang'ono ochepa amene angapirire zimenezo chaka chathunthu.

Masamu amenewa ndi a mbali ya bwana. Tsopano tembenuzani pepalalo muyang'ane payslip ya mlonda wolandira K150,000, wa mkazi ndi ana atatu. Banja lake lonse ndi K120,000 pamwezi. Pa theka ndi theka adulidwa K60,000, yomwe ndi 40 peresenti ya malipiro ake, penshoni isanachotsedwe. Ngakhale mutamulipirira iye yense n'kugawana theka pa achibale, adulidwabe K45,000. Munthu ameneyu ali ndi lendi, chimanga, makala ndi sukulu fizi. Sangavomere, ndipo akavomera chifukwa choopa kukana pamaso pa bwana, pakutha pa miyezi itatu mumupeza kwa akatapila. Manijala wolandira K900,000 wa banja lofanana, K45,000 yomweyo ndi 5 peresenti chabe, saimva n'komwe.

N'chifukwa chake peresenti imodzi ya onse, ngakhale imaoneka ngati chilungamo papepala, imathera kuthandiza olandira zambiri okha. Olandira zochepa amangochotsa ana awo pa sikimu n'kubwerera pamzere wa kuchipatala cha boma, ndipo adivansi ija imayambiranso. Njira yabwino ndi kugawa antchito m'magulu awiri kapena atatu potengera malipiro. Olandira zochepa kampani iwalipirire 80 peresenti ya achibale, apakati 50, apamwamba 30 kapena kucheperapo. Mlonda uja atsala ndi K18,000, yomwe ndi 12 peresenti ya malipiro ake. Ikadali yowawa, koma ndi yotheka. Ine ndimaona kuti kudula kukapitirira kwambiri gawo limodzi mwa magawo khumi a malipiro a munthu wolandira zochepa, muyenera kuyamba kukayikira ngati dongosololi lidzafike Disembala.

Kodi wantchito mwini wakeyo aziikapo kanthu pa khadi lake? Ena amati aziikako ngakhale pang'ono kuti aziisamala sikimuyo. Pa bizinesi yaing'ono ndimakonda kuti kampani ilipire yonse ya wantchito, pa chifukwa chimodzi chooneka: ikakhala yaulere onse amalowa, anyamata athanzi omwe. Ikakhala yodula malipiro, amene sadwaladwala amakana, n'kutsala okhawo odziwa kuti azipita kuchipatala pafupipafupi, ndipo kagulu kotero sikakupatsani mphamvu pokambirana mitengo chaka chamawa.

Kulekanitsa wantchito ndi achibale si zathu zokha. Ku America, kumene anthu ambiri amapeza inshulansi ya zaumoyo kudzera kuntchito, lamulo la Affordable Care Act la mu 2010 silikakamiza makampani a antchito osakwana 50 kupereka inshulansi. Kampani ya antchito osakwana 25 ikafuna kuchotseredwa msonkho, chimodzi mwa zofunika n'chakuti izilipira osachepera theka la ndalama ya wantchito mwini wake, osati ya banja lake. Kafukufuku wa mu 2024 wa KFF, bungwe lofufuza za zaumoyo kumeneko, anapeza kuti inshulansi ya banja inkadya pafupifupi $25,572 pachaka, wantchito n'kumaikapo $6,296, ndipo a m'makampani aang'ono amasenza gawo lalikulupo la ndalama ya banja kuposa anzawo a m'makampani aakulu. Ngakhale kumeneko, pamene pamapweteka ndi pa achibale pomwepo.

Peresenti kapena ndalama yokhazikika

Pali njira ziwiri zolembera lonjezo lanu. Mutha kunena kuti kampani izilipira 50 peresenti, kapena kuti izilipira K65,000 pa wantchito aliyense ndipo yotsalayo ndi yake. Chaka choyamba sizisiyana kwenikweni. Kusiyana kumaoneka mitengo ikakwera, ndipo idzakwera ndithu, chifukwa mankhwala ndi zipangizo zambiri za m'zipatala zathu zimagulidwa kunja ndi madola. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali ndi antchito pa sikimu nthawi imeneyo akudziwa makalata okweza mitengo amene anatsatira.

Tibwerere ku shopu ija. Sikimu ikakwera ndi 30 peresenti, K760,000 isanduka K988,000. Ngati munalonjeza yonse ya wantchito ndi theka la achibale, gawo lanu lichoka pa K500,000 kufika pa K650,000, ndipo antchito agawana K78,000 yotsalayo. Ngati munalonjeza ndalama yokhazikika, K228,000 yonse yowonjezerayo igwera antchito tsiku limodzi. Bajeti yanu yatetezeka, koma sikimu ndiye yafa, chifukwa theka la anthu lituluka. Walira mvula walira matope: ngati mwasankha kuyamba, vomerani kuti kukwera kwina kuzikugwerani. Chimene mungachite ndi kulemba peresenti, n'kuwonjezera chiganizo chakuti mitengo ikakwera kupitirira mlingo wakuti, kampani ndi antchito adzakhalanso pansi kuti aone ngati asamukire ku sikimu yotsikirapo kapena asinthe magawo.

Poyesa ngati mungakwanitse, musagwiritse ntchito ndalama zolowa mu June kapena July, pamene alimi agulitsa fodya ndi soya ndipo malata akutuluka ngati madzi. Tengani mwezi wanu woipitsitsa, umene kwa ambiri ndi January kapena February. Ngati ndalama ya medical aid singatuluke mwezi umenewo popanda kukongola, tsitsani lonjezo. Kuyamba ndi antchito okha chaka choyamba n'kudzawonjezera ana chaka chachiwiri kulibe manyazi. Chochititsa manyazi ndi mayi kufika pa kauntala ya chipatala ndi mwana wotentha thupi n'kuuzidwa kuti khadi linaimitsidwa chifukwa kampani sinalipire, pamene pa payslip ya bambo ndalamayo inadulidwa.

Zofunsa musanasaine

Mtengo wa pamwezi ndi theka chabe la nkhani. Funsani za shortfall, ndalama imene wodwala amawonjezera yekha sikimu ikalipira gawo lake. Sikimu yotchipa ya shortfall yaikulu imabweza anthu ku ofesi yanu kudzapempha adivansi monga kale. Funsani malire a pachaka pa kuonana ndi dokotala, mankhwala, kugonekedwa, mano ndi magalasi, ndipo mumve bwino ngati malirewo ndi a munthu aliyense kapena a banja lonse. Funsani nthawi yodikira munthu asanayambe kuthandizidwa pa uchembere, maopaleshoni ndi matenda amene anali nawo kale monga shuga ndi BP. Wantchito amene mkazi wake ali ndi pakati pa miyezi isanu ayenera kudziwa lero ngati kubereka kudzalipiridwa, asadzamve ali ku leba.

Pemphaninso mndandanda wa zipatala zimene zimalandira khadilo, ndipo muuwerenge ndi maso a antchito anu, osati anu. Mwaiwathu kapena Blantyre Adventist zingakhale pamndandanda, koma kwa munthu wa depoti yanu ya ku Mchinji, amene banja lake lili kumudzi, chofunika ndi chipatala cha mishoni kapena kiliniki imene angafikeko pa kabaza. Zipatala za mipingo, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, ndipo kumadera ambiri ndi zimene zili pafupi. Ngati khadi siligwira kumeneko, mukulipirira chinthu chimene munthuyo sadzachigwiritsa ntchito. Funsani zaka zimene mwana amachotsedwa, ndi zimene zimafunika ngati akadali pasukulu. Za kutumizidwa ku India kapena ku South Africa zimakhala m'masikimu apamwamba, ndipo si zimene muyambire nazo.

Chinthu china chimene ndimadana nacho: bwana ndi banja lake pa VIP, ndalama za kampani, antchito opanda kalikonse. Antchito amadziwa, chifukwa amene amakapereka cheke ndi mesenjala. Ngati mukufuna sikimu yapamwamba, kampani ikulipirireni mlingo womwewo wa onse, yapamwambayo muwonjezere za m'thumba mwanu.

Msonkho ndi zolembalemba

Musanayambe, khalani ndi akauntanti wanu kapena mupite ku MRA kuti akuuzeni mmene ndalama ya kampaniyo ilembedwere pa msonkho wa zinthu zowonjezera zimene olemba ntchito amapatsa antchito, umene umatchedwa fringe benefit tax, chifukwa zimenezo zingasinthe masamu anu. Yankho likhale lolembedwa.

Kenako lembani tsamba limodzi, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, lonena amene akulowa, tsiku loyambira kwa wantchito watsopano, gawo la kampani, gawo la wantchito, chiwerengero cha achibale, ndi zimene zidzachitike mitengo ikakwera. Aliyense asaine kuti wavomera kudulidwa ndalama yakuti, ndipo izioneka payokha pa payslip. Ndalama yodulidwayo si yanu. Isalowe mu oda ya simenti ngakhale kwa sabata imodzi.

Pofotokozera antchito musathamange. Tengani payslip yongoyerekeza muwaonetse ndi manambala: "Abambo, pano mumalandira yakuti, mukalowetsa amayi ndi ana awiri muzilandira yakuti." Nenaninso poyera za kubwereketsa khadi. Mlongo akadwala, chiyeso chomupatsa khadi la mkazi wako chimakhala chachikulu, ndipo ambiri sachiona ngati kuba. A sikimu akachigwira amatha kuchotsa membala n'kufuna ndalama zawo, ndipo zolembedwa za kuchipatala zimasokonekera, munthu n'kupezeka ali ndi mbiri ya matenda a wina.

Inu ngati bwana mumalipira, koma simuyenera kudziwa chimene wantchito akudwala. Musapemphe a sikimu kapena achipatala kuti akuuzeni. Lamulo la HIV ndi Edzi la mu 2018 limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha kachilombo, komanso kumukakamiza kuyezetsa kuti alembedwe ntchito. Mafomu olembetsera amafunsa za matenda akale, choncho aliyense adzaze yekha n'kuika mu envelopu yomata. Asadutse m'manja mwa kalaliki wa mu ofesi ali otsegula, chifukwa pa malo a anthu asanu ndi atatu nkhani siichedwa kufika ku wekishopu.

Ngati masamu akukana

Mabizinesi ena, ngakhale atawerenga chotani, sikimu singatheke chaka chino. Pali njira yapakati. Mutha kugwirizana ndi kiliniki kapena chipatala cha mishoni chapafupi kuti antchito ndi achibale olembedwa azithandizidwa pa akaunti ya kampani, n'kuika malire a ndalama pa banja lililonse pachaka. Bilu izibwera ndi dzina ndi ndalama, popanda dzina la matenda. Kapena muziika padera ndalama yodziwika mwezi uliwonse mu akaunti yakeyake, yosainira anthu awiri, inu ndi mmodzi wosankhidwa ndi antchito. Zimenezi zimakwanira malungo, chifuwa, mabala ndi mankhwala amene asowa ku chipatala cha boma. Opaleshoni imodzi yaikulu ingamalize thumba lonse, choncho nenani pachiyambi kuti zazikulu zizipita ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, ndipo thumba lizithandiza pa thiransipoti ndi chakudya cha wodikirira wodwala. Lembani zonse zotuluka. Pakatha chaka mudzakhala ndi manambala anuanu oyerekeza ndi kotesheni ya sikimu.

Kusamalira mndandanda

Sankhani munthu mmodzi woti aziyang'ana mndandanda wa mamembala mwezi uliwonse invoisi isanalipidwe. Mwana akabadwa alembetsedwe msanga, ukwati ukatha kapena wina akamwalira a sikimu adziwitsidwe. Wantchito akasiya kapena akachotsedwa, lemberani a sikimu sabata yomweyo, apo ayi muzilipirira munthu amene akugwira kwina. Muuzeni iyenso mwa kalata tsiku limene khadi lake lisiye kugwira, ndipo ngati ali pa mankhwala a mwezi ndi mwezi kapena mkazi wake watsala pang'ono kubereka, funsani a sikimu ngati angapitirize ngati membala payekha osayambiranso nthawi yodikira.